NDALAMA ZA LOYA WA OSAUKA: TIMVE CIWERENGERO CACE

Abale ndi alongo a m'Bungwe lathu, a ku Mua, ku Golomoti ndi ku Mtakataka,

Pa msonkhano uli wonse msungi wa cuma cathu amaimirira, natsegula buku, nawerenga poyera makobiri amene analowa ndi amene anaturuka. Sitimpempha kutero cifukwa ca kumkayikira ai, koma kuti mitima ya osonkha ikhale pansi. Lero tifuna kunena za thumba lina loposa lathu, limene tonse tiponyamo ndi misonkho: ndilo ndalama zimene Boma lipatula kuti wosauka apeze loya pa mlandu wace.

Malamulo akuru a dziko a caka ca 1994, pa ndime 42, anena kuti womangidwa aonekere ku bwalo asanathe maora 48, ndiponso kuti Boma limlipirire loya ngati cilungamo cifuna cotero. Kale nchitoyi inali kanthambi ka Unduna wa Zacilungamo; koma lamulo la 2011 linakhazikitsa Legal Aid Bureau yoima payokha, imene inayamba nchito mu 2015. Zipatso zace taziona. Bwalo Lalikuru litagamula mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, kuti woweruza asakakamizidwe kupereka cilango ca imfa, maloya a Bureau pamodzi ndi anzao ena anaimira akaidi pamene mirandu yao inamvedwanso kuyambira 2015, ndipo ambiri anabwerera kwao.

Koma ife a kunsi kwa phiri tidziwa mtengo wa mlandu. Mwamuna akamangidwa pa nkhani ya mbuzi kapena ya malire a dimba, mkazi wace agulitsa mpunga wa mbeu kuti akwere Khwekhwerere kunka ku boma la Dedza. Ndipo akamva kuti mlandu waimitsidwa, atsika cimanjamanja. Ndalama ya loya ikacedwa kapena ikasocera, wolipira ndiye wosaukayu, ndipo alipira ndi masiku a m'ndende.

Sitineneza munthu ali yense. Koma kuba kwa Cashgate kwa mu 2013 kunatiphunzitsa kuti thumba losawerengedwa poyera libooka msanga. Zoonadi, mkuru wofufuza mabuku a cuma ca Boma apereka lipoti lace ku Nyumba ya Malamulo. Koma buku likhoza kulongosoka mizere yace yonse, wosauka ali cikhalire wopanda womuimira.

Popeza lamulo lopatsa anthu ufulu wofunsa nkhani za Boma linayamba kugwira nchito mu 2020, Komiti ipempha kuti msonkhano ukudzawu ubvomereze kalata ya kwa Bureau ndi kwa aphungu athu, yofunsa izi:

1. Ndi ndalama zingati zimene Nyumba ya Malamulo inabvomereza caka catha, ndipo zinafikadi m'manja mwa Bureau ndi zingati?
2. Pa zimenezo, zingati zinathera pa mirandu yeni yeni, ndipo zingati pa misonkhano ndi maulendo?
3. Ndi anthu angati a m'boma la Dedza, makamaka a kuno ku nyanja, amene anathandizidwa, ndipo anadikira miyezi ingati?

Tikapeza kuti ndalamazo ziri zocepa, ife tidzayamba kupfuula kuti zionjezedwe. Tikapeza kuti zitayika pa njira, tidzanenanso mosaopa. Yense wodziwa mbale amene wakhalitsa m'ndende osaweruzidwa adze nao mau ace ku msonkhano. Mnzako akapsa ndebvu mzimire, mawa adzazima zako.

Ife anchito anu,
A Komiti.