Mukaona chinthu, kanenani kwa oyenera nthawi ikadalipo

Amayi anzanga, Lolemba pa 13 February 2023, nthawi itangodutsa 8 koloko usiku, bambo wina analowa m'nyumba yophunziriramo yotchedwa Berkey Hall pa yunivesite ya Michigan State, m'tauni ya East Lansing ku America, n'kuyamba kuwombera ophunzira amene anali m'kalasi. Atachoka mmenemo anapita ku nyumba ina yapafupi, kumene ophunzira amadyera ndi kuchezera, n'kuwomberanso. Ophunzira 3 anafa. Ena 5 anavulala kwambiri ndipo anathamangira nawo ku chipatala cha Sparrow mumzinda wa Lansing. Bamboyo anatuluka wapansi n'kulowera mumdima.

East Lansing ndi tauni imene moyo wake wonse umadalira sukulu, monga momwe Zomba imadziwikira ndi ophunzira a ukachenjede. Yunivesiteyi ili ndi ophunzira pafupifupi 50,000. Usiku umenewo onse anauzidwa kuti adzitsekere pamene ali. Anazimitsa magetsi, kutchinga zitseko ndi matebulo, ena kubisala m'mabafa, kwinaku akulemberana mauthenga ndi makolo awo. Apolisi mazanamazana anakhamukira pasukulupo. Kwa maola oposa 3 palibe amene ankadziwa kuti munthu wa mfutiyo ndani, ali kuti, kapena ngati ali yekha.

Nkhaniyi inachitikira kutali, m'dziko limene mfuti n'zosavuta kupeza. Ndaibweretsa kwa inu chifukwa ikuonetsa poyera chinthu chimodzi chimene chili m'manja mwanu tsiku ndi tsiku: munthu amene waona chinthu ali ndi mphamvu yaikulu, ndipo mphamvuyo imapulumutsa kapena kuwononga malinga ndi amene wamuuza komanso nthawi imene wanenera.

Foni imodzi inathetsa kusakasaka

Apolisi anali ndi magalimoto, agalu ndi ndege, koma zonsezi sizinamupeze munthuyo. Nthawi itadutsa 11 koloko usiku, anatulutsa chithunzi chake chimene makamera a pasukulupo anajambula. Patangopita mphindi 17, munthu wina wokhala mu Lansing anaimba foni kunena kuti waona bambo wofanana ndi wa pachithunzicho akuyenda mumsewu. Apolisi anapita komweko, pamtunda wa makilomita pafupifupi 6 kuchokera kusukulu. Atamuyandikira, bamboyo anadziwombera yekha n'kufa. Dzina lake anali Anthony McRae, wa zaka 43, ndipo sanali wophunzira kapena wantchito pa yunivesiteyo. Anamupeza ndi mfuti 2, zipolopolo zambiri, ndi kakalata m'thumba kotchula malo ena amene ankawaopseza, kuphatikizapo masukulu a m'dera la New Jersey kumene anakhalako kale.

Taonani zimene woimba foni uja anachita. Sanamuthamangitse yekha. Sanakuwe kuti anthu amuzungulire. Sanayambe wauza anzake kuti nkhaniyo iyende pakamwa. Ananena zimene anaona, kwa anthu amene ali ndi udindo, nthawi yomweyo. Munthu amene anali ndi mfuti zodzaza zipolopolo sanapezenso mpata wowombera wina.

Pakamwa pena panasokoneza

Usiku womwewo kunalinso kulankhula kwa mtundu wina. Chifukwa cha mantha, anthu ankaimbira apolisi kuti amva mfuti m'nyumba iyi, ena m'nyumba iyo, pamene wowomberayo anali atachoka kale pasukulupo. Apolisi ankathamangira malo aliwonse otchulidwa. Anthu ambirimbiri ankamvetsera mauthenga a apolisi pa intaneti n'kumafalitsa chilichonse chimene amva ngati chotsimikizika, mpaka ena anakhulupirira kuti owombera alipo angapo. Choipitsitsa, dzina ndi chithunzi cha munthu wina wosalakwa zinafalitsidwa pa intaneti kuti ndiye wakupha.

Amene ankaimba chifukwa cha mantha sitingawadzudzule, poti munthu wobisala mumdima akamva chitseko chikumenyetseka amayesa ndi mfuti. Koma amene anatenga nkhope ya munthu n'kuitumiza kwa anzawo osadziwa kumene yachokera anaika moyo wa munthu pachiswe.

Apa simufunika kupita ku America kuti mumvetse. Mukukumbukira chaka cha 2017 pamene mphekesera ya anamapopa inabuka ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo mpaka ku Blantyre. Anthu anatchinga misewu, anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu okwiya, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena. Palibe namapopa ndi mmodzi yemwe amene anapezeka. Chimene chinapha anthu aja ndi mawu akuti "ndamva kuti". Lero mawuwo amayenda mofulumira kuposa kale chifukwa ali pa WhatsApp, m'magulu omwe aja timatumiziranamo uthenga wa maliro ndi wa misonkhano. Chithunzi cha munthu chikafika pafoni yanu ndi mawu akuti ndi wakuba ana kapena wachiwembu, dziwani kuti mukachitumiza kwa ena mwaponya nawo mwala. Ngati mukumudziwa munthuyo kapena mwamuona, kauzeni apolisi, a komiti ya chitetezo cha m'mudzi kapena amfumu. Ngati simukumudziwa, uthengawo uthere pa inu. Madzi akatayika saoleka.

Kusaka kumene kunachedwa

Kusakasaka kwa apolisi kunatenga maola osakwana 4. Koma McRae anali atasowa kalekale, ali m'nyumba mwa bambo ake omwe. Bambowo anauza atolankhani kuti mwana wawo anasintha mayi ake atamwalira mu 2020. Anasiya ntchito, ankangodzitsekera m'chipinda, anakhala waukali ndi wosafuna kuyankhula ndi munthu. Anati anayesa kumulimbikitsa kuti akapeze thandizo ndiponso kumuuza kuti asakhale ndi mfuti, koma sanamve.

Boma nalo linamudziwapo. Mu 2019 apolisi anamugwira ndi mfuti yodzaza zipolopolo alibe chilolezo choyenda nayo mobisa. Mlanduwo unachepetsedwa kukhala waung'ono, anapatsidwa chilango chongoyang'aniridwa ali panyumba, ndipo chilangocho chitatha mu 2021 lamulo silinamuletse kugula mfuti zina. Apolisi atamaliza kufufuza ananena kuti sanapeze chifukwa chenicheni chimene anasankhira yunivesiteyo.

Tsono pano tisamale. Chisoni cha maliro sichisandutsa munthu kukhala wakupha. Anthu ochuluka kwambiri amene akudwala matenda a maganizo sapweteka wina aliyense. Nthawi zambiri ndi iwo amene amanyozedwa, kumenyedwa, kapena kudzipweteka okha. Mukamuopa kapena kumusala munthu wotere, mukumukankhira m'chipinda chomwecho chimene afunika kutulukamo. Komanso tisawaloze chala bambo ake a McRae. Kholo lokalamba, nalonso lofedwa, silingathe lokha kunyamula mwana wamkulu wa zaka zoposa 40 amene wakana thandizo. Mutu umodzi susenza denga. Funso langa ndi lakuti: pa zaka zoposa 2 zimene munthuyu anakhala chodzitsekera, ndi angati anagogoda pakhomopo?

Inu amayi mumaidziwa bwino ntchito ya pamaliro. Ndinu amene mumagona pa siwa, kuphika, kutunga madzi ndi kuimba usiku wonse. Koma mwambo ukatha, mapoto akabwezedwa kwa eni ake, anthu amabalalika. Tikabwererako timakaona mayi wamasiye ndi ana aang'ono. Mwana wamwamuna wamkulu, kapena bambo wofedwa mkazi, timangoti ndi mwamuna, alimba mtima. Apolisi a kuno kwathu akamalengeza za anthu odzipha, ochuluka mwa iwo amakhala amuna. Chisoni chawo sichioneka ndi misozi. Chimaoneka ndi mowa, ukali, kusagona tulo, kusiya ntchito ndi kudzipatula.

Zizindikiro zofunika kuziyang'anira n'zosavuta kukumbukira. Munthu amene ankacheza wasiyiratu kutuluka kwa masabata ambiri. Sakudya, sakusamba, sakugona. Akunena kuti aliyense akumuda kapena akumulondalonda. Akutchula zakuti kuli bwino kufa, kapena akutchula dzina la munthu amene akuti adzamuonetsa. Wayamba kusunga chida pafupi: chikwanje pansi pa mphasa, chingwe, mankhwala a mbewu. Zizindikiro ziwiri zomalizazi zikaonekera pamodzi, musadikire msonkhano wa mwezi wamawa. Chotsani chidacho ngati mungathe kutero popanda ngozi, musamusiye yekha, ndipo mupite naye kuchipatala. Pa chipatala cha boma funsani dokotala kapena namwino woona za matenda a maganizo. Kuli chipatala cha matendawa ku Zomba, ndiponso a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Ngati waopseza mkazi wake, ana kapena mnansi, kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit. Musachite manyazi kumufunsa munthu mwachindunji ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumupatsa maganizowo. Kumamupatsa mpata wolankhula.

"Kodi ndipereke mwana wanga?"

Ndikudziwa chimene ena mwa inu mukunena mumtima. Kuneneza mwana wako kapena mlongo wako kupolisi n'chinthu chowawa. Mumaopa kuti akamumenya, akamutsekera, banja lichita manyazi, ndipo akatuluka adzakudani moyo wake wonse. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Manthawa ndi omveka, ndipo sindinena kuti aliyense wokanena amathandizidwa bwino.

Ngakhale ku America komweko kunena sikunapulumutse anthu nthawi zonse. Mu October chaka chomwecho cha 2023, m'tauni ya Lewiston m'dera la Maine, bambo wina anapha anthu 18 ndipo apolisi anamusaka masiku 2 asanamupeze atafa. Abale ake anali atachenjeza apolisi miyezi 5 m'mbuyomo kuti maganizo ake sali bwino ndipo ali ndi mfuti. Komiti imene inafufuza nkhaniyi inapeza kuti apolisi anali ndi zifukwa zokwanira zomulanda mfutizo koma sanatero. Abale aja anachita mbali yawo. Amene analephera ndi olandira uthenga.

Phunziro lake si lakuti tikhale chete. Ndi lakuti kunena kamodzi sikukwanira, ndiponso kuti munthu asapite yekha. Mayi mmodzi akapita kupolisi kapena kuchipatala akhoza kubwezedwa ndi mawu akuti "kakambiraneni kubanja". Amayi atatu a bungwe, ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi kapena kalata ya amfumu, sabwezedwa msanga. Lembani tsiku limene mwanena ndi dzina la amene mwamuuza. Pakapita masiku osaona kanthu, bwereraniko, ndipo mufunse wamkulu wake. Ndipo kumbukirani kuti khomo loyamba kugogoda, ngati munthu sanapweteke wina, ndi la chipatala. Kupita naye kuchipatala lero n'kumuteteza ku manja a gulu lokwiya mawa.

Zimene a ku Michigan anachita pambuyo pake

Ena mwa ophunzira amene anabisala usiku uja anali atapulumuka kale pa kuwombera kwina pa sekondale ya Oxford m'dera lomwelo la Michigan mu November 2021, pamene ana 4 anaphedwa. Kawiri m'miyezi yosakwana 15. Ophunzira ndi makolo anapita ku nyumba ya malamulo ku Lansing kukakakamiza atsogoleri. Miyezi yowerengeka chabe, bwanamkubwa wa deralo, Gretchen Whitmer, anasaina malamulo atsopano: lofufuza mbiri ya aliyense wogula mfuti, lokakamiza kusunga mfuti motsekera pamene pali ana, ndi lolola achibale, apolisi kapena achipatala kupempha bwalo la milandu kuti limulande mfuti kwa kanthawi munthu amene akuoneka kuti angadzipweteke kapena kupweteka ena. Malamulowa anayamba kugwira ntchito pa 13 February 2024, patatha chaka chathunthu chichitikire ngoziyo.

Lamulo lachitatulo likuvomereza chinthu chimene inu mumachidziwa kale: woyamba kuona kuti munthu wasintha si wapolisi kapena dokotala, koma amene amamuphikira nsima, amene amachapa zovala zake, amene amakhala kuseri kwa mpanda wake. Ku Michigan anachita kulemba m'malamulo kuti mawu a munthu ameneyu amveke.

Pamsonkhano wanu wotsatira, tengani kabuku kamene mumalembamo maliro amene munathandiza chaka chathachi. Pa khomo lililonse funsanani kuti ndani watsala, ndipo ndani anamuonapo mwezi uno. Musaiwale anyamata ndi abambo. Gawanani makomowo awiriawiri, mupite, mukhale pansi, mumvetsere. Mukapeza zodetsa nkhawa, musazitengere kuchigayo kapena pa WhatsApp. Zitengereni kwa namwino, kwa amfumu, kapena kupolisi, ndipo mupite pamodzi.