Chingerezi cha Tsiku ndi Tsiku: Chenjerani ndi Funso Lokanira

Ophunzira Chingerezi cholankhula amayamba ndi mafunso. M'Chichewa mawu ofunsira amakonda kubwera kumapeto: "Mukupita kuti?" M'Chingerezi amatsogola: "Where are you going?" Pofunsa mtengo wa feteleza amati "How much?", pofunsa chiwerengero cha matumba amati "How many?"

Koma msampha waukulu uli pa funso lokanira. Mlangizi akafunsa kuti, "Simunalandire mbewu?", mlimi amene sanalandire amayankha kuti, "Inde." Pachichewa yankho limeneli n'lolondola, chifukwa likuvomereza zimene wofunsa wanena. M'Chingerezi sizili choncho. Mlimi yemweyo akafunsidwa kuti, "Didn't you receive seed?" n'kuyankha "Yes", wofunsa amamva kuti analandira. Dzina lake likhoza kulowa m'kaundula wa olandira kale, iye n'kubwerera kumudzi chimanjamanja.

Choncho alangizi ndi aphunzitsi a sukulu za kwacha azikhazika ophunzira awiriawiri, wina kufunsa wina kuyankha, mpaka atazolowera yankho lathunthu: "No, I didn't" kapena "Yes, I did." Ofunsa nawonso azisankha funso lolunjika: "Did you receive seed?"