Kodi Mnyamata Adikire Pabenchi Mpaka Liti?

Mpira wa basiketibolo ndi wouma manja pa nkhani ya malo. Timu imaloŵetsa anthu asanu okha m'bwalo, ndipo mu ligi ya NBA ku America maseŵera amatenga mphindi 48. Ndiye kuti mphunzitsi ali ndi mphindi 240 zoti agaŵire gulu lonse. Mphindi imene mnyamata walandira yatapidwa m'mbale ya mkulu wina, amene wadyera mpirawo zaka khumi, ali ndi banja, ndipo akudziŵa kuti maondo ake ali pafupi kumkana. Tsono tisafulumire kumutcha wansanje mkuluyo.

Komabe ine ndili kumbali ya achinyamata, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Kobe Bryant adayamba kuseŵerera Los Angeles Lakers m'chaka cha 1996 ali ndi zaka 18, atangochoka kusekondale. Pamalo pake padali Eddie Jones, katswiri wokhazikika, kotero mphunzitsi Del Harris ankampatsa mnyamatayo mphindi ngati 15 pa maseŵera alionse. Zidali zochepa, koma zidali zenizeni. Mu Meyi 1997, pamene Lakers inkalimbana ndi Utah Jazz pa ndime yochotsana, Shaquille O'Neal atatulutsidwa chifukwa cha zolakwa, mpira udagwera m'manja mwa Bryant. Adaponya kanayi konse osakhudza ngakhale mkombero wa golo, ndipo timu yake idatuluka mumpikisano usiku womwewo. Manyazi otere sagulidwa kusitolo, ndiponso munthu sangaŵaphunzire atakhala pansi. Pofika 1999 Jones adagulitsidwa ku Charlotte, ndipo Lakers idatenga chikho mu 2000, 2001 ndi 2002, Bryant ali mmodzi wa mizati yake.

Taonani tsono za Darko Miličić wa ku Serbia. Detroit Pistons idamsankha wachiŵiri mu 2003, patsogolo pa Carmelo Anthony ndi Dwyane Wade. Mphunzitsi Larry Brown, wodziŵika ndi kukhulupirira akuluakulu, ankamloŵetsa kwa mphindi zosakwana zisanu, kaŵirikaŵiri nkhondo itatha kale. Pistons idatenga chikho mu 2004, ndiye ndani akadamdzudzula Brown chaka chimenecho? Koma mnyamatayo adachoka ku Detroit mu 2006 asanakhwime, ndipo sadafikeponso pamene anthu ankayembekezera. Ena amati mwina mphatsoyo idali yochepa kuyambira pachiyambi. Ndikuvomera kuti nkutheka. Funso langa nlakuti, adaiyeza liti?

Amene amati mwana azidekha amaiŵala Jermaine O'Neal, yemwe adakhala zaka zinayi pabenchi ku Portland. Atapita ku Indiana mu 2000, padangopita zaka ziŵiri nkukhala mmodzi wa akatswiri osankhika a ligi yonse. Paja mwana wa ng'ona sakulira dziŵe limodzi. Koma wodyera thukuta la kuleraku adali Indiana, osati Portland.

Mlandu wa mphunzitsi ndikuumvetsa, pakuti nane ndidaupalamula. Iye amalembedwa ntchito kuti apambane lero, ndipo mkulu salakwitsa kaŵirikaŵiri ngati mwana. Pasukulu pathu ndidapatsidwa timu ya anyamata, ndipo chaka chonse ndidadalira asanu a Fomu 4. Padali kamnyamata kena ka Fomu 2, katalikatali, kosajomba kokonzekera, kamene ntchito yake idasanduka yonyamula madzi. Ndinkakauza kuti nthaŵi yake idzafika. A Fomu 4 atalemba mayeso nkupita kwao, ndidaitana otsala kuti tiyambe, koma kamnyamata kaja sikadabwere. Kadali kataloŵa timu ya mpira wamiyendo, kumene adakaika pagolo sabata yoyamba yomwe. Teremu imeneyo tidagonja maseŵera onse kupatula amodzi, ndipo amodziwo anzathuwo galimoto idaŵafera panjira.