Buku la Achebe lili m'cikwama ca abusa

Mlungu watha pa wailesi yathu tinalandira foni ya mtsikana wa Grade 11. Anati amai ake anamulanda buku la Things Fall Apart n'kulipereka kwa abusa kuti alipempherere, cifukwa mkati mwake muli milungu ya Aigbo ndi mizimu ya makolo. Mayeso ali pafupi, buku lili m'cikwama ca abusa. Mu studio tinaseka, koma kuseka kunatha msanga, pakuti ambiri a ife tinakulira m'nyumba zotero.

Tikambe mosabisa: mantha awa ndi ulesi cabe wovala suti ya pa Sondo. Chinua Achebe anatulutsa bukuli mu 1958, ndipo atate ake anali mphunzitsi wa mishoni. M'nkhaniyo Nwoye, mwana wa Okonkwo, asiya cipembedzo ca makolo n'kulowa chalichi, mtima wake utasweka ndi kulira kwa amapasa otayidwa m'nkhalango. Abusa aja akanapezamo ulaliki wa mwezi wathunthu. Tikaikira ngati analitsegula n'komwe.

Ndipo amene atiletsa kuwerenga aiwala Baibulo lomwe anyamula. Danieli ndi anzake anaphunzira mabuku ndi cinenero ca Akasidi ku Babulo, dziko la mafano, koma sanagwadire fano. Macitidwe 7 ikamba kuti Mose anaphunzira nzeru zonse za Aigupto. Paulo ku Atene anagwiritsa nchito mau a alakatuli acigiriki polalikira. Mau amenewo akanawadziwa bwanji akanakhala wotseka makutu? Kuno kwathu, Kenneth Kaunda anabadwira pa mishoni ya Lubwa, mwana wa mmishonale, koma njira yomenyera ufulu mopanda ciwawa anaitengera kwa Gandhi, Mhindu. Anakhalabe woimba nyimbo za Mulungu mpaka ukalamba.

Cotidabwitsa n'cakuti m'nyumba yomweyo momwe buku lalandidwa, madzulo banja lonse likhala pa Zee World kuonera anthu akupembedza m'kacisi wa Cihindu, kenaka filimu ya ku Nigeria yodzaza ndi ng'anga. Palibe amene anyamula TV kupita nayo kwa abusa. Ciwanda cisankha mapepala okha?

Sitikana kuti mabuku agwedeza munthu. Ena a ife tinawerengapo Korani, ena buku la munthu wonena kuti kulibe Mulungu, ndipo tulo tinasowa masiku angapo. Pali mafunso ena amene mpaka lelo tikali kuyenda nawo. Koma amene agwa moipa ndi uja amene sanamvepo funso m'moyo wake. Afika ku UNZA, mnzake wa m'cipinda amufunsa kamodzi za Genesis, basi cikhulupiriro ca zaka 18 cathera pa nsima ya madzulo. Anamusunga ngati dzira, ndipo anasweka ngati dzira.

Inunso amene mwawerenga buku limodzi la filosofi, manje mwayamba kuseka amai anu akagwada, musatiombere m'manja. Mwangosintha abusa. Ngati simungawerenge buku lotsutsa nzeru zanu zatsopanozo, mulibe kusiyana ndi wa cikwama uja.

Pa 29 December 1991 a Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko la Cikhristu, ndipo mu 1996 mauwo analowa m'malamulo a dziko. Kulengeza kumeneko sikunathamangitse aliyense. Ku Chipata mizikiti ikali cilili, ku Kamwala tigula kwa Asilamu ndi Ahindu, ku Katete Gule Wamkulu avinabe. Tikwera nawo minibasi, tikwatirana nawo, tiika maliro pamodzi. Nanga tidzakhala nawo bwanji ngati zonse zimene tidziwa za iwo tinamva kwa munthu wowaopa?

Mtsikana uja anabwera ku studio Cisanu. Tinamubwereka buku lathu lopanda cikuto, masamba awiri omatidwa ndi selotepu. Tinamupempha cinthu cimodzi: asalibise pansi pa matiresi, akawerengere amai ake mutu wa Nwoye mokweza. Anati ayesa, koma adzayembekeza kaye amai atsirize kudya.