Kamera za liwiro pomwe akukonza msewu

Aphunzitsi anzanga, ena mumati chindapusa cha liwiro pamalo okonza msewu ndi kuba chabe. Ine ndikukana. Wogwira fosholo uja alibe chitsulo chomutchinga ngati ife a m'galimoto.

Vuto ndi kagwiridwe kake. Ku Britain amaika kamera poyambira ndi pothera ntchitoyo. Zimawerenga nambala ya galimoto n'kuona nthawi imene yatenga. Inu amene munadutsa m'kalasi mwanga, ndi samu yomwe ija: mtunda kugawa ndi nthawi. Ukapyola malire, kawirikawiri mamailosi 50 pa ola, chindapusa chimayambira mapaundi 100.

Kwathu kuno wapolisi amaima malo amodzi ndi kamera yam'manja, madalaivala n'kumaphethirana magetsi. Akangomudutsa, apondanso moto. Nanga wothira phula patsogolopo akumuteteza ndani?