Nkhani za pa Khonde: Mau a Pakamwa Amalowa M'manda ndi Mwini Wake

Sabata ino ndiri ndi nkhani yolemera pang'ono. Ena mwa inu mudzafuna kuthawira pa tsamba la mpira, koma ndikupemphani muyambe mwamva.

Mwezi watha tinaika mnzathu wina kuno ku Tsakane, mkulu wa ku Ntcheu. Dzina lake sinditchula. Anabwera ndi Wenela ali mnyamata, nagwira nchito m'migodi ya golide ya kuno kum'mawa kwa Johannesburg, ndipo pamene anzake anabwerera kwao iye anatsala, nakhala mtchona. Anthu a lokeshoni yakale ya Brakpan atasamutsidwira ku Tsakane, iye anali mmodzi wa iwo. Anasiya nyumba ya zipinda zinai, galimoto yakale ndi kandalama ku banki. Anasiyanso mabanja awiri: mai wa kuno, amene anakhala naye zaka zambiri nabala naye ana atatu, ndi mai wa kumudzi, amene anamkwatira ndi ankhoswe, wa mwana mmodzi wamkazi.

Tisanasambe m'manja pochokera kumanda, mkangano unali utayamba. Mwana wa mlongo wake, amene anabwera pa basi kuchokera kumudzi, anati, "Amalume anandiuza kuti galimoto ndi yanga." Mai wa kuno anati, "Bambo ananena kuti nyumba ndi ya ana anga." Mwana wamkazi wa kumudzi anaimba foni nati, "Abambo anandilonjeza ndalama ya malata." Ine ndikhulupirira kuti onse atatu ananena zoona. Malemuyo anali munthu wofatsa, wosafuna kukhumudwitsa mnzake, chotero yense anamuuza chomkondweretsa. Koma pepala panalibe, ndipo mwini mau anali atagona.

Tsono imvani chimene lamulo la dziko lino limachita munthu akafa wosalemba wilu. Chuma chake chimagawidwa monga mwa lamulo la 1987, osati monga mwa mwambo wa kwathu. Mkazi wa ukwati amalandira gawo lolingana ndi la mwana mmodzi, kapena R250,000, chimene chiri chachikulu pa ziwirizi. Zotsala amagawana ana onse mofanana, aamuna ndi aakazi, a m'banja ndi a kunja, a kuno ndi a kumudzi. Chuma chikakhala chochepa, chonse chingathe kuthera kwa mkazi, ana osaona kanthu. Kale chuma cha munthu wakuda chinali kugwa m'manja mwa mwana wamwamuna wamkulu, koma bwalo lalikulu loona za malamulo a dziko linathetsa zimenezo m'chaka cha 2004, pa mlandu wa Bhe. M'chaka cha 2021, pa mlandu wa Bwanya, bwalo lomwelo linagamula kuti ngakhale munthu amene munali kukhala naye monga banja lokhazikika, popanda ukwati, angathe kulandira gawo. Nanga mwana wa mlongo wanu, amene ife Achewa timamuyesa wathu weniweni? Pokhala pali mkazi ndi ana, lamulo limeneli silimdziwa konse. Mukafuna kuti adzalandire ngakhale jekete, lembani.

Ambiri amaopa kuti wilu ndi chinthu cha Azungu ndi anthu olemera, chofuna ndalama zambiri. Iai. Lamulo la mawilu la 1953 lifuna zinthu zochepa. Munthu ali yense wa zaka 16 kapena kuposa, wa mutu wabwino, angathe kulemba. Wilu ikhale yolembedwa pa pepala, ndi dzanja kapena ndi makina. Musaine pa tsamba liri lonse ndi pa mapeto pake. Posaina pa mapetopo pakhale mboni ziwiri pamodzi, za zaka 14 kapena kuposa, ndipo nazo zisaine inu mukuona. Ngati simudziwa kulemba, muike chidindo cha chala, koma pamenepo pafunikanso wolumbiritsa anthu, monga aja a ku polisi, kuti atsimikize kuti ndinudi ndipo wiluyo ndi yanu.

Chenjerani ndi msampha uwu: munthu amene mwamsiyira kanthu m'wilu asakhale mboni, ngakhale mkazi kapena mwamuna wake, ndipo asakhale ndiye wokulemberani ndi dzanja lake, chifukwa angathe kutaya gawo lake. Itanani anzanu awiri a pa nchito kapena a ku mpingo amene sadzalandira kanthu. Mutchulenso munthu wokhulupirika wodzayang'anira kagawidwe kake. Ndipo ngati ukwati wanu ndi uja wophatikiza chuma, theka la nyumba ndi la mkazi wanu kale. Inu mungagawe theka lanu lokha. Chaka ndi chaka m'mwezi wa September maloya ambiri a dziko lino amapatula sabata imodzi yolembera anthu wilu kwaulere. Imeneyo musaiphonye.

Pali zinthu zitatu zimene zikhudza ife a m'migodi koposa anthu ena.

Choyamba ndi maina. Ambiri a ife tiri ndi maina awiri kapena atatu: la kumudzi, limene analemba mabalane pa mgodi, ndi la pa chitupa. Ena anatenga maina a Chizulu kapena a Chisuthu kuti akhale mwa mtendere. Inu mukafa, mwana wanu wa ku Dedza adzabwera ndi dzina la kumudzi, ndipo a m'maofesi adzati, "Munthu ameneyu sitimdziwa." Chotero m'wilu lembani maina anu onse, nambala ya chitupa, nambala yanu ya pa mgodi, ndi migodi yonse imene munagwirako pamodzi ndi zaka zake. Lembaninso maina onse a ana anu, mudzi, mfumu ndi boma lao. Musabise mwana. Manyazi a tsiku limodzi ndi opepuka kusiyana ndi umphawi wa mwana wa masiye.

Chachiwiri ndi ndalama zimene amakudulani mwezi ndi mwezi za provident fund kapena penshoni. Zimenezi sizitsata wilu. Lamulo la mathumba a penshoni la 1956 lipatsa akulu oyang'anira thumbalo udindo wofunafuna onse amene munali kuwasamala, ndi kuwagawira monga aona koyenera. Iwo amayamba ndi fomu ija munalembapo maina polowa nchito. Kodi munailemba liti? Ena munalemba mai anu amene anamwalira kale, ana amene anabadwa pambuyo pake mulibemo. Pitani ku ofesi mawa mukaione, muikonze. Akuluwo sangapite kukafunsa mudzi ndi mudzi ku Mzimba ngati simunawauze kuti kuli mwana.

Chachitatu ndi chifuwa. Amene munagwira m'migodi ya golide mukudziwa matenda a fumbi ndi TB. M'chaka cha 2019 bwalo la milandu la ku Johannesburg linavomereza pangano la R5 biliyoni pakati pa anchito ndi makampani asanu ndi limodzi a golide, ndipo ndalamazo ziri m'manja mwa Tshiamiso Trust. Pangano limeneli likhudza amene anagwira m'migodi ya makampaniwo pakati pa 1965 ndi 2019, ndipo munthu akafa, amasiye ake angathe kupempha. Palinso lamulo la 1973 limene lilola kuti mtima ndi mapapu a wa m'migodi womwalira ziyesedwe, abale akavomera, kuti zioneke ngati fumbi linamdwalitsa. Kwathu chimenechi nchovuta kumva, ndidziwa. Koma uzani banja lanu maganizo anu mukali moyo, pakuti akakuikani mwai umenewo wapita.

Nanga za kumudzi? Ku Malawi kuli lamulo la 2011 la chuma cha masiye, limene liteteza mkazi ndi ana, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Ngati muli ndi nyumba kapena ng'ombe kumeneko, muuzeni wokulemberaniyo, kuti akulangizeni ngati pafunika wilu yachiwiri ya chuma cha kwanu, yosafafaniza ya kuno. Mukamaliza, sungani pepala lenilenilo pa malo abwino ndipo anthu awiri adziwe pamene liri, mmodzi kuno, wina kumudzi. Imfa ikachitika, za chuma chanu ziyenera kudziwitsidwa ku ofesi ya Master wa bwalo lalikulu pasanathe masiku 14, ndipo iwo adzafuna pepala lenilenilo.

Ndamva ena akuti, "Kulemba wilu ndiko kudziitanira imfa." Abale, kodi chipewa cholimba chimene mumavala polowa pansi ndicho chimagwetsa mwala? Achikulire akumbukira April wa 1974, pamene ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown, nipha anzathu a ku Malawi oposa 70. Anali atatsiriza nchito, ali pa ulendo wa kwao ndi katundu wao. Chakudza sichiimba ng'oma.

Nyumba ya mnzathu uja lero iri pa mlandu, galimoto iri kuchita dzimbiri pabwalo, ndipo ana a bambo mmodzi salankhulana. Iye anapirira zaka zambiri pansi pa nthaka kuti apeze zimenezo. Pepala limodzi ndi anzake awiri zikadakwanira.

Amene muli ndi mafunso lembani kalata kwa Mkonzi, ndipo tidzayankha pa khonde pompano. Tsalani bwino, mugwire nchito mosamala.

Ine wanu,
Mkulu wa pa Khonde, Tsakane.