Omaliza Maphunziro a Uphunzitsi Abwerere ku Midzi ya Lundazi

Chaka ndi chaka, pa Yunivesite ya Zambia m'mbali mwa msewu wa Great East ku Lusaka, pamachitika mwambo wopereka madigiri kwa omaliza maphunziro. Pakati pa ovala mikanjo yaitali ndi zisoti pamakhala gulu lalikulu lochokera ku Sukulu ya Maphunziro, kumene amasula aphunzitsi a m'masekondale, ndiponso kumene aphunzitsi akale amabwerera kudzatenga digiri yachiwiri kapena yachitatu. Maina amaitanidwa limodzi limodzi, amayi nayimba nthungululu. Ena mwa makolowo amakhala atachokera ku Lundazi, ulendo wa makilomita oposa 700, atagulitsa thonje kapena nsawa kuti apeze ndalama ya basi. Mwambo wonga womwewo umachitikanso pafupi, pa koleji ya aphunzitsi ya ku Chipata.

Ulemu umene anyamata ndi atsikana amenewa amalandira ndi wowayenera, pakuti aukhetsera thukuta. Koma iwo ndi makolo awo ayenera kudziwa kumene yunivesiteyo inachokera, kuti azindikire mangawa amene ali pa mkanjo uliwonse.

Pamene dziko la Zambia linalandira ufulu wodzilamulira pa 24 Okutobala 1964, nzika zake zokhala ndi digiri zinali pafupifupi 100 chabe, ndipo zokhala ndi satifiketi yomaliza sekondale zinali pafupifupi 1,200. Ichi ndicho chuma cha maphunziro chimene atsamunda anasiya atakumba mkuwa wa dziko lino zaka makumimakumi. Chotero Boma latsopano, lotsogoleredwa ndi Dr. Kenneth Kaunda, amene iwo eni anali mphunzitsi ndi mwana wa mphunzitsi, linapempha mtundu wonse kusonkha kuti pamangidwe yunivesite. Anthu a m'migodi anapereka pa malipiro awo, ndipo anthu a m'midzi amene analibe ndalama anapereka ziweto ndi zokolola. Yunivesite inatsegulidwa mu 1966 ndi ophunzira 312, ndipo mwa masukulu atatu amene inayamba nawo, imodzi inali Sukulu ya Maphunziro. Atsogoleri a nthawi imeneyo, pamodzi ndi nduna yoyamba ya maphunziro a John Mwanakatwe, anaona kuti popanda mphunzitsi sipadzakhala dokotala, injiniya kapena mlangizi wa zaulimi. Mlimi amene anapereka nkhuku yake sanayembekezere kuti adzalowa m'kalasi ya yunivesite. Anayembekezera kuti tsiku lina kumeneko kudzachokera munthu wodzaphunzitsa mdzukulu wake.

Anthu a ku Lundazi ali ndi chifukwa chapadera chonyadira mwambo umenewu. Mzambia woyamba kuyendetsa yunivesiteyo monga Vice-Chancellor anali mwana wa boma lino, malemu Pulofesa Lameck Goma, amene anabadwa mu 1930. Iwo anali katswiri wa sayansi wofufuza za udzudzu, ndipo anatsogolera yunivesite kuyambira 1969 kufikira 1976. Pambuyo pake anakhala nduna ya maphunziro pa nthawi imene Boma linatulutsa chikalata cha kukonzanso maphunziro cha 1977, kenaka nduna ya zakunja. Madamu okongola amene ali pa bwalo la yunivesite, pamene omaliza maphunziro amakonda kujambulitsa zithunzi ndi abale awo, amatchedwa ndi dzina lawo. Koma a Goma sanabadwe akudziwa kuwerenga. Panali mphunzitsi wina wa kumudzi amene anawagwiritsa choko poyamba, ndipo dzina la mphunzitsi ameneyo silinalembedwe pa chipilala chilichonse.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Boma lachita mbali yaikulu. Kuyambira 1964 sikunakhalepo chaka chonga 2022 pa nkhani ya kulemba aphunzitsi: m'chaka chimenecho maphunziro anakhala aulere kufikira kumapeto kwa sekondale, ndipo aphunzitsi 30,496 analembedwa nchito nthawi imodzi. Ana amene anali kubusa ng'ombe chifukwa chosowa ndalama ya sukulu anabwerera m'makalasi mwaunyinji. Komabe aliyense amene anayendapo m'midzi ya Mwase, Magodi kapena Zumwanda adziwa kuti kulemba mphunzitsi ndi nkhani ina, kumusunga pa sukulu ya kumudzi ndi inanso. Zinthu zimavuta koposa munthu akatsika ku chigwa cha Luangwa, kwa mafumu Kazembe, Chitungulu ndi Mwanya, madera amene kuyambira 2018 ali m'boma la Lumezi, pamene Lundazi wakale anagawidwa patatu. Kumeneko mvula ikagwa mitsinje imadzaza, misewu imatsekeka miyezi ingapo, ndipo njovu zimayenda m'njira zomwezo zimene ana amadzera popita ku sukulu.

Pali aphunzitsi ena atsopano amene amafika pa sukulu yotere ali ndi kalata yopempha kusamutsidwa kale m'thumba. Mmodzi adwala matenda amene amangochira akafika m'tauni. Wina apeza banja mwadzidzidzi ku Chipata kapena ku Lusaka. Winanso amalandira malipiro pa dzina la sukulu ya kuchigwa, pamodzi ndi ndalama yowonjezera imene Boma limapereka kwa ogwira nchito kumadera ovuta, koma ana a pa sukulupo samdziwa nkhope. Khalidwe lotere ndi kuba, ngakhale wochitayo atavala taye. Obedwa ndi ana a alimi, amene amatsala ndi mphunzitsi mmodzi wothamanga pakati pa makalasi atatu, ndipo mtsikana akaona kuti kusukulu kulibe chophunzira, makolo sachedwa kumvera mkamwini wobwera ndi ng'ombe. Mafumu a chigawo cha Kum'mawa akhala akulimbana ndi maukwati a ana aang'ono, koma mfumu ingabwezere mwana ku sukulu yotani ngati m'kalasimo mulibe mphunzitsi?

Munthu wophunzira pa ndalama za mtundu ayenera kutumikira kumene mtundu wamutuma. M'masiku a Chipani cha UNIP, pakati pa 1973 ndi 1991, mfundo imeneyi inali yosakambirana. Mnyamata wa ku Mongu anatumizidwa ku Chasefu, wa ku Lundazi napita ku Mwinilunga, ndipo mwa njira imeneyo mitundu ya dziko lino inadziwana ndi kukwatirana. Nthawi zasintha, zipani zachuluka, koma mwana wa kwa Chitungulu akali nzika ya Zambia mofanana ndi mwana wa ku Kabulonga.

Sikoyenera kuloza chala aphunzitsi okha. Pali masukulu kumene mphunzitsi wa digiri amapatsidwa nyumba ya udzu yodontha, kapena kugona m'chipinda chosungiramo mabuku, madzi akatunge ku dambo. Mtsikana wochokera ku koleji akafika pamalo potere, yekhayekha, wopanda chitseko chotseka bwino, sangadzudzulidwe kwambiri akayamba kuganiza zobwerera. Ndipo pano ndi pamene mamembala a chipani m'nthambi za m'midzi ali ndi nchito yooneka ndi maso. Mu 2022 thumba la chitukuko la dera lililonse la phungu, lotchedwa CDF, linakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni, ndipo zofuna za anthu zimayambira m'makomiti a chitukuko a m'mawadi. Wapampando wa nthambi amene sapita ku misonkhano ya komiti yotere alibe pakamwa podandaulira kuti sukulu ya kwawo ilibe mphunzitsi. Midzi yambiri imakonda kupempha chipinda chophunziriramo, chifukwa chimaoneka bwino pa tsiku lochitsegula, niiwala nyumba ya munthu wodzaphunzitsamo. Pempho la kalasi liyenera kuyendera limodzi ndi pempho la nyumba ya mphunzitsi ndi chitsime cha mjigo. Mzimu wodzithandiza umene unamanga masukulu ambiri a m'ma 1960, anthu akuumba njerwa ndi kututa mchenga, Boma likupereka malata ndi simenti, sunathe nchito.

Naye mphunzitsi watsopano ayenera kubwera modzichepetsa. Ana ambiri a ku Lundazi amalankhula Chitumbuka kunyumba, pamene chinenero cha dziko chophunzitsidwa m'masukulu a chigawo cha Kum'mawa ndi Chinyanja, ndipo pamwamba pake pali Chingerezi. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amakumana ndi zinenero ziwiri zachilendo tsiku lomwelo limene ayamba kugwira pensulo. Mphunzitsi amene aphunzira kupereka moni ndi kufotokoza mawu ovuta m'Chitumbuka amatsegula mutu wa mwanayo msanga kuposa uja wongokalipa m'Chingerezi. Ayeneranso kukaonekera kwa nyakwawa, kupezeka pa maliro, ndi kulima kadimba kake. Mudzi umasunga munthu amene waonetsa kuti wabwera kudzakhala.

Pa mwambo wa ku Lusaka amatamandidwa amene apambana mayeso. Maboma a Lundazi, Lumezi ndi Chasefu angachite bwino kukhala ndi ulemu wawo wa iwo amene apambana pa kupirira: aphunzitsi amene akhala zaka khumi kapena makumi awiri pa sukulu ya kutali osapempha kuchoka. Tsiku la aphunzitsi la pa 5 Okutobala lilipo kale. Nthambi iliyonse idziwa mphunzitsi wotere m'dera lake, ndipo ingathe kupereka dzina lake kwa khansala ndi kwa mkulu wa maphunziro wa pa boma nthawi ikalipo, kuti aitanidwe pamaso pa mafumu ndi ana amene anawaphunzitsa.

Koma nchito yofulumira ndi ya nyumba. Njerwa zimaumbidwa m'chilimwe, kukolola kutatha, ndipo malata ndi simenti ziyenera kutsika ku chigwa mwezi wa Novembala usanafike, malole akali kuwoloka mitsinje pouma.